Wobereketsa: Mbiri ya Thumba la Urea

Lero tikamba za feteleza. Ena mwayamba kale kuseka, akuti tinathawa khasu kumudzi ndiye lititsatirenso kuno? Dikirani kaye. Thumba la makilogalamu 50 lija limene mayi anu amalibisa kuchipinda kuopa akuba lili ndi mbiri yaitali. Muli zitosi za mbalame za ku Peru, nkhondo ya mayiko atatu ku South America, akatswiri awiri a ku Germany, ngongole za m'makalabu a alimi ndiponso mavoti a zisankho zingapo za kwathu.

Munakula mukumva mayina awiri, wokulitsa ndi wobereketsa. Wokulitsa amathira chimanga chikangomera. Wobereketsa, Urea uja wa timibulu toyera ngati mchere, amathira pakatha masabata atatu kapena anayi, chimanga chikamayandikira m'maondo. Amene muli ku Zambia mumamva D Compound ndi Urea, a ku Zimbabwe mumamva Compound D ndi AN. Mayina ndi osiyana, koma chimene chimanga chikufuna pa ulendo wachiwiriwu ndi chimodzi: nayitrojeni.

Chodabwitsa n'chakuti nayitrojeni si wosowa ayi. Pa magawo 100 aliwonse a mpweya umene mukupumawu, magawo 78 ndi nayitrojeni. Pamwamba pa hekitala imodzi ya munda ku Dowa kapena ku Thyolo pali matani pafupifupi 70,000 a mpweya umenewu. Koma chimanga chimafa ndi njala pansi pake, chifukwa nayitrojeni wa mumlengalenga amakhala womangana awiriawiri, mfundo yake yolimba moti mbewu singaimasule. Mwachilengedwe imamasulidwa ndi mphezi, komanso tizilombo tina ting'onoting'ono, makamaka timene timakhala m'tinthu totupa ta pamizu ya nandolo, mtedza, nyemba ndi khobwe. Chimanga chilibe mwayi umenewo. Chimadikira kuti chimupeze m'dothi, ndipo chikamusowa chimaonetsa: masamba am'munsi amayamba chikasu kuchokera kunsonga kutsata mtsempha wapakati, popeza chimalanda chakudya m'masamba akale kukapatsa atsopano. Pamapeto pake ndi kachitsononkho kaja ka njere zowerengeka.

Feteleza asanabwere

Chimanga chenichenicho ndi mlendo. Kwawo ndi ku Mexico, kumene anthu anayamba kuchilima zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, ndipo chinafika mu Africa chitadutsa chaka cha 1500. Makolo athu ankadalira kwambiri mapira, mawere ndi mchewere. Pamene David Livingstone ankadutsa m'chigwa cha Shire mu 1859, chimanga anachipeza, koma chinali mbewu imodzi pakati pa zambiri.

Nkhani ya chonde ankaithetsa ndi malo. Munthu ankaswa mphanje, kutentha zinyalala, kulima zaka zingapo, nthaka ikaguga n'kuisiya tsala kuti ipume. M'munda momwemo munkakhala nandolo, khobwe ndi maungu. Mtengo wa msangu sankaudula, chifukwa ankaona okha kuti pansi pake mbewu zimakondwa, komanso umayoyola masamba nthawi yadzinja moti suphimba mbewu. Akatswiri awiri a ku Germany, Hermann Hellriegel ndi Hermann Wilfarth, anadzafotokoza mu 1886 chimene chimachitika pamizu ya mbewu zamtundu wa nyemba, koma agogo athu anali akugwiritsa kale ntchito nzeruyi popanda dzina lake.

Vuto la tsala n'lakuti limafuna malo ambiri. Kumwera, makamaka ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba, malo aakulu anatengedwa ndi maesiteti a azungu, anthu n'kumakhalapo mwa thangata kapena kupanikizana m'mbali mwake. Kenako chiwerengero chinakwera. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni, wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni. Munda umene kale unkapuma zaka zambiri lero umalimidwa chimanga chaka ndi chaka, ndipo thumba lililonse lokololedwa limatuluka ndi nayitrojeni wa m'dothimo.

Zitosi za mbalame ndi nkhondo ya m'chipululu

Musaganize kuti njala ya nthaka inali yathu yokha. M'zaka za m'ma 1800 minda ya ku Britain ndi mayiko oyandikana nayo inalinso itatopa, mizinda ikukula. Mu 1843 John Bennet Lawes anayamba kuyesa feteleza pa tirigu ku Rothamsted, kumpoto kwa London, ndipo munda woyeserawo ukulimidwabe mpaka pano. Zotsatira zake zinaonetsa kuti mbewu ngati tirigu zimafunadi kupatsidwa nayitrojeni. Funso linali lakuti amupeza kuti.

Yankho loyamba linali zitosi. Pa tizilumba ta Chincha ku Peru mvula sikugwa kwenikweni, ndiye zitosi za mbalame za m'nyanja zinaunjikana kwa zaka mazanamazana mpaka kusanduka mapiri. Kuyambira cha m'ma 1840 zombo zinkazitutira ku Ulaya ndi ku America. Okumba ambiri anali amuna ochokera ku China amene anabwera nawo pa mapangano achinyengo, n'kumagwira ntchito yosasiyana ndi ukapolo. Africa nayenso anakhudzidwa: kachilumba ka Ichaboe, m'mphepete mwa dziko limene lero ndi Namibia, kanapalidwa zitosi mpaka kufika pathanthwe pakati pa 1843 ndi 1845. Mu 1856 dziko la United States linakhazikitsa lamulo lolola nzika zake kutenga chilumba chilichonse chopanda mwini chimene chili ndi zitosi zoterezi. Tangoganizani, lamulo la boma chifukwa cha ndowe za mbalame.

Zitosi zitayamba kutha, maso anatembenukira ku chipululu cha Atacama kumene kunali mchere wachilengedwe wokhala ndi nayitrojeni. Mcherewu unkagwira ntchito ziwiri, kuthira m'munda ndi kupangira wonga wamfuti. Kuyambira 1879 mpaka 1884 dziko la Chile linamenyana ndi Peru ndi Bolivia polimbirana dera limeneli. Chile inapambana, Bolivia n'kutaya gombe lake lonse. Mpaka lero Bolivia ili ngati ife, yopanda doko lakelake, ndipo gwero lake ndi feteleza.

Mu 1898, pa msonkhano wa akatswiri a sayansi ku Bristol, William Crookes anachenjeza kuti mchere wa ku Chile udzatha, ndipo mayiko odya tirigu adzagona ndi njala pokhapokha wina atapeza njira yokolola nayitrojeni kuchokera mumpweya.

Haber ndi Bosch

Amene anaipeza njirayo ndi Fritz Haber, mphunzitsi wa ku Karlsruhe ku Germany. Mu July 1909 anaonetsa akuluakulu a kampani ya BASF kachipangizo kapatebulo kamene kankaphatikiza nayitrojeni wa mumpweya ndi haidrojeni pa moto waukulu ndi mphamvu yopanikiza yoopsa, amoniya n'kumatuluka timadontho. Kuchoka pa timadontho kufika pa matani inali ntchito ya Carl Bosch. Mapaipi achitsulo ankaphulika chifukwa haidrojeni ankafooketsa chitsulocho, mpaka Bosch anatulukira zoika chitsulo chofewa mkati mwa cholimba. Mnzake Alwin Mittasch anayesa zinthu zikwizikwi kufuna chofulumizitsa ntchitoyi chotsika mtengo, n'kuchipeza m'chitsulo wamba chosakaniza ndi tina. Mu 1913 fakitale yoyamba inatsegulidwa ku Oppau.

Chaka chotsatira nkhondo yoyamba yapadziko lonse inabuka. Zombo zankhondo za Britain zinatsekera Germany njira ya mchere wa ku Chile, ndipo popanda amoniya wa Haber ndi Bosch zipolopolo za Germany zikanatha msanga. Choncho luso lopangira chakudya linayamba ndi kutalikitsa nkhondo. Nkhondo yomweyo inatikhudza ife: ku Karonga kunamenyedwa mu September 1914, John Chilembwe anadandaula poyera za Aafirika ofera nkhondo ya eni ake asanaukire mu January 1915, ndipo amuna zikwizikwi a ku Nyasaland anatengedwa kukhala atengatenga, ambiri osabwerako. Gulu la Ajeremani la kuno linagonja mu November 1918 ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala ku Zambia, nkhondo itatha kaye ku Ulaya.

Haber mwiniwake ndi amene anatsogolera kugwiritsa ntchito mpweya wapoizoni ku Ypres mu April 1915. Anapatsidwabe mphoto ya Nobel ya 1918, Bosch n'kulandira yake mu 1931. Mu 1933 Haber, amene anabadwa Myuda, anachoka mu Germany wa Hitler, n'kukafera ku Basel chaka chotsatira. Lero akatswiri amawerengera kuti pafupifupi theka la anthu apadziko lapansi amadya chakudya chimene chinakula ndi nayitrojeni wa njira yake. Inu ndi ine tili m'gulu limenelo.

Mfundo imodzi muisunge, tiifunanso kutsogoloku. Haidrojeni wa m'mafakitalewa masiku ano amachokera kwambiri ku gasi wapansi panthaka. Ndiye thumba la Urea kwenikweni ndi gasi ndi mpweya zosandutsidwa timibulu. Gasi akakwera mtengo ku Ulaya kapena ku Middle East, thumba limakwera ku Mitundu.

Kuchokera pa malimidwe kufika pa makalabu

Atsamunda sanayambe ndi feteleza kwa mlimi wakumudzi. Nkhawa yawo inali kukokoloka kwa nthaka, ndipo mankhwala awo anali lamulo. Kuyambira 1946 malamulo a malimidwe ankakakamiza anthu kuunga mizere yopingasa ndi kukumba migula, wolephera ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Njala ya 1949 itapha anthu, makamaka m'boma la Blantyre, chikakamizo chinakula. Anthu anadana nazo kwambiri moti nkhani ya mizere inalowa m'ndale zokana chitaganya, ndipo mu 1953 Inkosi Gomani II ya ku Ntcheu inachotsedwa pampando itauza anthu ake kuti asamvere malamulowo. Feteleza wochepa amene ankabwera ankapita makamaka ku tiyi ndi fodya wa m'maesiteti.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, Kamuzu Banda, amene ankatchedwa Mchikumbe Nambala Wani, anaika chimanga pamtima pa ulamuliro wake. Chaka chilichonse ankayendera mbewu m'zigawo zonse. Mu 1968 kunayamba chitukuko chachikulu cha ulimi m'chigwa cha Lilongwe ndi ndalama za World Bank, ndipo mu 1971 kunabadwa ADMARC. Dongosolo linali lotere: mlimi alowe kalabu, atenge feteleza ndi mbewu pangongole, agulitse zokolola ku ADMARC, abweze. Ngongole zinkabwezedwa pafupifupi zonse, koma chifukwa china chinali mantha. Wolephera ankalandidwa mbuzi, njinga, ngakhale malata, ndipo kalabu yonse inkamanidwa ngongole chifukwa cha munthu mmodzi. Mabanja ochuluka, makamaka osauka ndi otsogozedwa ndi amayi, sanalowemo n'komwe. Komanso phindu limene ADMARC inkapeza pogula motchipa kwa alimi ang'onoang'ono linkapita kukakulitsa maesiteti a fodya.

Panalinso vuto la mumtondo. Chimanga chahaibulidi choyamba, chimene chinkabereka kwambiri ndi feteleza, chinali chofewa. Posinja chinkaphwanyika n'kuthera ku gaga, m'nkhokwe anankafumbwe ankachimaliza. Amayi anachikana, ndipo sanalakwe. Mabanja ambiri ankalima haibulidi wogulitsa, chamakolo chodya. Zinasintha mu 1990 pamene akatswiri a ku Chitedze anatulutsa MH17 ndi MH18, zolimba njere, zosinjika bwino. Apa m'pamene mbewu yofuna feteleza inalowadi m'mphika.

Koma inalowa nthawi yoipa. Nkhondo ya ku Mozambique inali itadula njanji za ku Beira ndi Nacala, katundu n'kumazungulira mpaka ku Durban. World Bank ndi IMF ankaumiriza boma kusiya kutsitsa mtengo wa feteleza. Chilala cha 1992 chinapsereza minda, alimi n'kulephera kubweza, ndipo m'chipwirikiti cha riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994 ambiri anangosiyiratu kubweza. Bungwe la ngongole la SACA linagwa. Mu February 1994 kwacha inasiyidwa kuti ipeze yokha mphamvu pamsika, n'kugwa kwambiri. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1990, mlimi analibe ngongole, analibe mtengo wotsitsidwa, thumba litakwera kangapo.

Sitata paki, makuponi, chiphaso

Ena a inu mukukumbukira timatumba tating'ono tija. Mu 1998/99 boma la Bakili Muluzi, mothandizidwa kwambiri ndi Britain, linagawa Starter Pack kwa mabanja pafupifupi 2.8 miliyoni: makilogalamu 15 a feteleza, 2 a mbewu yachimanga ndi kambewu kamtundu wa nyemba, zokwanira kachigawo kakhumi ka hekitala. Mvula inagwanso bwino, dziko n'kukolola matani pafupifupi 2.5 miliyoni zaka ziwiri zotsatizana. Nthawi yomweyi kunafika kabzalidwe ka Sasakawa, kotchedwa ndi dzina la Mjapani Ryoichi Sasakawa amene anagwirizana ndi Norman Borlaug ndi Jimmy Carter: mizere yotalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi paphando. Kenako opereka thandizo anati pulogalamuyi ichepetsedwe, ipite kwa osaukitsitsa okha. Inachepetsedwa, mvula inavuta, chimanga cha m'nkhokwe za boma chinapezeka kuti chagulitsidwa, ndipo mu February 2002 Muluzi analengeza kuti dziko lili pangozi ya njala. Anthu anadya zikhawo za nthochi, ambiri anafa.

Mu 2005 zokolola zinatsika kufika matani pafupifupi 1.2 miliyoni, anthu oposa 4 miliyoni n'kufuna thandizo la chakudya. Bingu wa Mutharika anayambitsa makuponi, matumba awiri pa banja, limodzi lokulitsa lina lobereketsa, pa K950 thumba. Malinga ndi ziwerengero za boma, zokolola za 2006 zinaposa kuwirikiza kawiri, za 2007 zinadutsa matani 3 miliyoni, Malawi n'kugulitsa chimanga ku Zimbabwe. Mu December 2007 nyuzipepala ya New York Times inalemba za Malawi patsamba loyamba ngati dziko limene linathetsa njala posamvera akatswiri akunja. Chaka cha 2006 chomwecho atsogoleri a mu Africa anagwirizana ku Abuja zokweza feteleza wothiridwa pa hekitala kuchoka pa makilogalamu 8 kufika pa 50 pofika 2015. Mu 2009 Bingu anapambana ndi mavoti pafupifupi awiri mwa atatu alionse. Andale onse anaphunzirapo phunziro limodzi.

Makuponi anathandizadi, zimenezo tisakane. Koma ofufuza, kuphatikizapo malemu Ephraim Chirwa wa ku Chancellor College ndi Andrew Dorward amene analemba buku lonse pankhaniyi mu 2013, anaonetsanso mbali ina. Mitengo ya chimanga inkakwera m'zaka zimene boma linkati kuli chochuluka, zimene zinakayikitsa ziwerengerozo. Makuponi ankagulitsidwa kwa mavenda, kunabadwa midzi yongopeka, ndipo gawo lina la feteleza wotchipayo linkangolowa m'malo mwa amene anthu akanagula okha. Mu 2008/09, mitengo itakwera padziko lonse, pulogalamuyi inadya pafupifupi magawo 16 pa 100 a bajeti yonse ya dziko. Ndalama zimenezo ndi zomwe zikanapita ku ulimi wothirira, misewu yakumudzi, kafukufuku ndi alangizi.

Mu 2020 boma la Lazarus Chakwera linabweretsa AIP, thumba pa K4,495, kugula ndi chiphaso chaunzika m'malo mwa kuponi, kwa mabanja oposa 3 miliyoni. Kenako mfundo ya gasi ija inatipeza. Mu 2021 gasi anakwera mtengo, China inachepetsa feteleza wotumiza kunja, mu February 2022 Russia, mmodzi wa ogulitsa feteleza akuluakulu, inalowa mu Ukraine. Mtengo wa Urea pamsika wadziko lonse unawirikiza katatu poyerekeza ndi 2020. Kwathu kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresenti mu November 2023. Mtengo wa AIP unakwera kufika K7,500, kenako K15,000, opindula n'kumachepa. Mu 2022 zinadziwika kuti K750 miliyoni ya feteleza inalipidwa ku kampani ina ya ku Britain yodziwika ndi malonda a nyama, nduna ya zaulimi n'kuchotsedwa mu October. Pofika 2025 thumba la pasitolo linali litadutsa K100,000.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sitimangopanga tokha. Kwathu timasakaniza ndi kulongedza, koma nayitrojeni yense amachokera kunja, wambiri kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, wolipiridwa ndi madola. Anansi athu anayesa. Zambia inatsegula Nitrogen Chemicals ku Kafue mu 1970. Zimbabwe inali ndi Sable Chemicals ku Kwekwe, imene inkatenga haidrojeni m'madzi pogwiritsa ntchito magetsi a ku Kariba, mpaka magetsiwo anakhala osakwanira ndi odula. Fakitale yotere imafuna gasi kapena magetsi ochuluka osazimazima. Nigeria, imene ili ndi gasi, inatsegula fakitale ya Dangote ku Lagos mu 2022. Gasi wa kumpoto kwa Mozambique, pafupi ndi ife pomwepa, akukwera zombo kupita kutali.

Thumba likafika kumunda

Tsopano tiyeni tiwerengere limodzi. Urea ali ndi magawo 46 pa 100 a nayitrojeni, ndiye thumba la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23. Wokulitsa, kaya 23:21:0+4S wakale uja kapena 23:10:5+6S+1Zn watsopanoyu, thumba lake lili ndi 11.5. Malangizo amene alangizi akhala akupereka pa chimanga chahaibulidi ndi makilogalamu 92 pa hekitala: matumba awiri okulitsa, atatu obereketsa. Matumba awiri a boma aja amapereka 34.5, okwanira ekala imodzi basi. Pa kabzalidwe ka Sasakawa hekitala imakhala ndi mapando pafupifupi 53,000, ndiye phesi lililonse limalandira Urea wosakwana magalamu atatu. N'chifukwa chake mumaona agogo akuyeza ndi chitsekerero cha botolo. Si umphawi wokha ayi, muyezo wake ndi womwewo.

Magalamu atatuwo ali ndi adani ambiri. Ukawamwaza pamwamba pa dothi kunja kukutentha, gawo lina limasanduka amoniya n'kuuluka, kubwerera kumene Haber analitenga. N'chifukwa chake amaboola kadzenje ndi kamtengo pambali pa phesi, kuthira, n'kukwirira, dothi lili lonyowa. Mvula ikachuluka, makamaka pa dothi lamchenga, nayitrojeni amatsikira pansi pamene mizu sifika. Munda ukakhala wosapalira, udzu ndiwo umadya. Kukachita ng'amba ngati ya El Niño ya 2024, chimanga chimapserera ndi feteleza wake yemwe. Ndipo mdani wamkulu ndi kuchedwa. Chimanga chimamwa nayitrojeni wambiri kuyambira m'maondo mpaka chikamatulutsa ngayaye. Wothira chitamasula kale wataya gawo lalikulu la ndalama zake.

Palinso nkhani ya dothi lenilenilo. Kuthira Urea chaka ndi chaka popanda manyowa kumawonjezera asidi m'nthaka, ndipo dothi lopanda zowolerana siligwira madzi kapena chakudya. Apa m'pamene pamachokera dandaulo limene mumalimva kumudzi, lakuti feteleza wa masiku ano alibe mphamvu. Nthawi zina amakhaladi wachinyengo, wosakaniza ndi mchenga. Koma kawirikawiri thumba ndi lomwe lija, yatopa ndi nthaka. Kafukufuku wa m'minda ya alimi wakhala akuonetsa kuti kilogalamu ya nayitrojeni imabweretsa chimanga chochepa kusiyana ndi m'minda yoyeserera.

Njira zothandizira zilipo, ndipo zinayesedwa kwathu konkuno. Ku Makoka, pafupi ndi Zomba, ofufuza anayamba mu 1992 kubzala chimanga pamodzi ndi mitengo ya gilisidiya, n'kupeza kuti masamba ake okwiriridwa amakweza zokolola, ndipo feteleza wochepa amagwira ntchito yaikulu akathiridwa pamenepo. Ku Ekwendeni, kuyambira 2000, alimi ndi ofufuza akhala akubzala nandolo ndi mtedza m'munda umodzi, chaka chotsatira n'kubzalapo chimanga. Alimi ambiri pano akupanga manyowa a Mbeya, kusakaniza feteleza pang'ono ndi gaga, phulusa ndi ndowe, n'kusunga m'thumba masabata atatu. Palibe mwa izi chimene chimachotseratu kufunika kwa thumba. Dziko la anthu oposa 20 miliyoni pa timinda tosakwana hekitala silingadye nandolo ndi tsala zokha. Koma zimapangitsa thumba limodzi kugwira ntchito imene bwenzi ikufuna awiri.

Ife otumiza

Izi zikutikhudza chifukwa pamene boma likubwerera m'mbuyo, amene akulowa m'malo mwake ndi inu, ndi mashifiti ausiku ndi Mukuru. M'mabanja ambiri AIP yeniyeni ndi mwana amene ali ku Cape Town. Ndiye mverani izi, abale anga.

Choyamba ndi nthawi. Uthenga wakuti chimanga chayamba chikasu ukamafika mu January, masiku abwino othira amakhala akutha. Ndalama yomweyo ikatumizidwa mu September kapena October, mvula isanagwe ndi mizere ya anthu isanayambe kumadepoti, imagula thumba limene lidzakhala m'nyumba tsiku lofunika. Chachiwiri, funsani kukula kwa munda. Matumba awiri omwazidwa pa maekala atatu, kapena ogawidwa kwa azakhali ndi amalume onse, sadzaoneka paliponse. Kuli bwino kudyetsa ekala imodzi mokwanira, kwinako kubzala mtedza, soya kapena nandolo. Chachitatu, thumba limafuna anthu opalira, ndiye ya ganyu muiwerengere limodzi. Chachinayi, mbewu ya nandolo kapena mbuzi ziwiri za manyowa zimatchipa kuposa thumba, ndipo phindu lake silithera chaka chimodzi.

Musakalankhule ngati mlangizi wochokera kunja, chonde. Mayi anu amaudziwa munda uja kuposa buku lililonse, amadziwa pamene pamadikha madzi ndi pamene pamamera kaufiti. Afunseni kuti ndi chigawo chiti chimene chimabweza feteleza, ndi chiti chimene chimangomudya. Mudzamva zambiri.

Ndipo pa chisankho chilichonse, wandale akadzaimirira n'kutchula mtengo wa thumba, monga akhala akuchitira kuyambira 2004, mufunseni mafunso amene mbiriyi yatiphunzitsa. Madola ogulira adzachokera kuti? Thumbalo lidzafika mwezi uti? Nanga nthaka imene likukathiridwamo, ndani akuisamala? Mu May 2024 atsogoleri a mu Africa anakumananso ku Nairobi, zaka 18 chichokereni ku Abuja, ndipo ulendo uno pa dzina la msonkhano wawo anawonjezerapo mawu akuti thanzi la nthaka. Mfundoyi agogo aja osiya msangu pakati pa munda anaidziwa kalekale.

Amene muli ndi nkhani za sitata paki kapena za mizere ya makuponi kwanuko, titumizireni, tidzaziwerenga m'chigawo chikubwerachi. Khalani bwino kumene muliko.